Masamba Anayi ndi Tsiku la Sikelo

Tsiku la sikelo ya mwana wanga ndi lomwenso ndimayeza masamba anga a pa intaneti. Sindinachite kukonza kuti zikhale choncho. Zinangochitika, ndipo zinayamba ndi manyazi.

Ndine telala. Ndisanabereke ndinkasoka pa khonde la sitolo ina ya nsalu ku Limbe, kufupi ndi kokwerera minibasi. Tinali awiri, ine ndi mayi wina wamkulu kwa ine amene anandiphunzitsa kudula kolala. Pa khonde sufunafuna makasitomala. Munthu wagula nsalu m'kati, akutuluka, wakuona, nkhani yatha. Nditabereka, mwini sitolo ananena mosabisa kuti khonde lake si la ana. Sindinamuone kulakwa kwenikweni. Pali fumbi pamenepo, utsi wa magalimoto, mawilibala a makatoni akudutsa pafupi ndi miyendo yako. Tinanyamula makina n'kupita nawo ku Chigumula, kumene timachita lendi kuseri kwa kamunda ka chimanga ka eni nyumba. Makina anafika bwino. Makasitomala ndi amene anatsala ku Limbe.

Bambo a mwana amagwira ntchito m'sitolo ya holoselo ku Limbe komweko. Si munthu waukali, ndipo akamanena nkhani yovuta amayang'ana pansi. Mwana ali ndi miyezi inayi, tsiku lina anati, "Mayi a mwana, malo anu pa khonde paja anzanu sangakusungireni mpaka kalekale. Ndalankhula ndi amayi ku Chikwawa. Mwanayu akayamba kuyenda timusiyitse bere, tikamusiye kumudzi, inu mubwerere ku Limbe."

Ndinangoyang'ana timapazi ta mwana. Apongozi anga ndi munthu wabwino, analera ana asanu ndi awiri, koma Chikwawa si pafupi, ndipo wanga ndi mmodzi yekhayu. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti nthawi yanga yopezera makasitomala ndili pakhomo ili m'miyendo ya mwana wanga.

Amene anabweretsa nkhani ya intaneti ndi mlamu wanga, mchemwali wamng'ono wa amuna anga, amene amagwira ntchito mu ofesi m'tauni. Anabwera Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi, laputopu ili m'chikwama. Anajambula zovala zimene ndinali nazo, n'kundipangira masamba atatu: la zovala za chinkhoswe, la mayunifolomu a sukulu, ndi la kuchepetsa zovala za kaunjika. Akumaliza, mwana analira. Ndinatsegula kazipi ka pachifuwa pa diresi langa n'kuyamba kumuyamwitsa. Diresi limenelo ndinadzisokera ndekha, zipi ndinaibisa pansi pa kansalu kopinda, chifukwa ndinatopa ndi kukweza bulauzi m'minibasi anthu akuona mimba yanga.

"Alamu, diresi limenelo munagula kuti?"

"Ndinasoka ndekha. La pakhomo ili."

"Imani pa khomopo ndikujambuleni. Tingoikapo kuti masamba akhale anayi."

Kenako anandifotokozera mmene zimayendera. Anati munthu akalemba pa foni kuti akufuna telala wa chinkhoswe ku Blantyre, pamabwera mndandanda wa masamba, ngati mmene aphunzitsi amaitanira zotsatira za mayeso potsekera sukulu: nambala wani, nambala thuu, mpaka wotsiriza. "Ndiye anthu ndi aulesi, alamu. Amangotsegula a pamwamba. Ndipo nambalayo si yanu ayi, ndi ya tsamba. Tsamba lililonse limalemba mayeso akeake."

Zimenezo ndinazimva msanga. Sukulu ndinalekezera sitandade eyiti, koma kudikira kuti dzina lako liitanidwe ndikukudziwa bwino.

Ndinene zoona, pa masamba anayiwo ndinali nalo la pamtima. Chiyambire kusoka ndakhala ndikufuna kudziwika ndi zovala za chinkhoswe. Pamenepo ndi pamene telala amaonetsa dzanja lake: mkwatibwi, mkwati, aperekezi onse nsalu imodzi, anthu n'kumafunsana kuti wasoka ndani. Tsamba limenelo ndinkalitsegula m'mawa ndikamaphika phala, masana mwana akagona, madzulo ndikamadikira madzi pa mpopi. Patapita milungu ingapo ndinalemba pa foni yanga mawu osakira aja, ndipo tsamba langa la chinkhoswe linabwera pamwamba penipeni. Nambala wani! Ndinavina ndi mwana kumsana mpaka eni nyumba anasuzumira.

Bandulo iliyonse imene ndinagula miyezi iwiri yotsatira inathera pa tsamba limenelo. Ndinabwereka zovala zimene ndinasokera anthu kale, kuzisita, kuzijambula pa chingwe dzuwa lisanakwere, n'kutumiza kwa mlamu wanga kuti aikepo. Tsiku lililonse ndinkasaka, tsiku lililonse nambala wani. Koma foni sinkalira. Ndinkadziuza kuti si nyengo ya zinkhoswe. Mwana anayamba kukhala pansi yekha.

Kusikelo timakhala pa mabenchi panja, kudikira alangizi a zaumoyo amangirire sikelo ku mtengo wa denga. Mwezi umenewo ndinakhala pafupi ndi mayi wina wa ana amapasa, wochokera ku Nsanje, wa pakamwa posatseka. Ndinamuuza, monyada ndithu, kuti ndili nambala wani pa intaneti.

"Inuyo? Wa ku Chigumula konkuno? Tandigwirirani mwanayu ndione."

Anatulutsa foni, ndinamuuza mawu oti alembe. Panabwera masamba a anthu ena. Anatsitsa ndi chala, anatsitsanso. Amayi ena anayamba kusendera.

"Kodi muli pansi pa ndani? Ndafika ku Bangula ine, sindikukuonani," anatero mayi wa amapasa uja.

Benchi yonse inaseka. Ndinatulutsa foni yanga kuti ndiwaonetse, ndipo pa yanga tsamba linali pomwepo, pamwamba. Tinaika mafoni awiriwo pamodzi. Mawu omwewo, mindandanda yosiyana. Mayi wachitatu anayesa pa yake, kunalibenso. Dzina la mwana wanga litaitanidwa ndinanyamuka mwamanyazi, ndipo sindinamve n'komwe kuti walemera bwanji.

Ndinaimbira mlamu wanga ndili m'njira. Anaseka kaye, kenako anapepesa.

"Pepani alamu, ndinaiwala kukuuzani. Foni yanu imakudziwani. Tsamba limene mumalitsegula katatu pa tsiku imakuikirani pamwamba kuti musavutike. Imakusangalatsani chabe."

"Ndiye miyezi iwiri yonseyi ndakhala ndikudzipatsa ndekha nambala wani?"

"Eya. Mwadzilembera mayeso, mwadzichongera nokha."

Anandiuza kuti pali malo amene mwini masamba amaonapo zoona zake: tsamba lililonse limakonda kubwera pa nambala yanji, laonekera kwa anthu angati, ndipo angati analitsegula. Iye ndi wotanganidwa, sakanatha kumandionera tsiku ndi tsiku, ndipo anati ngakhale akanatha, nambala za tsiku limodzi zimangovinavina. Tinagwirizana kuti azinditumizira chithunzi cha malowo kamodzi pa mwezi. Ndinasankha tsiku la sikelo, chifukwa ndi tsiku lokhalo limene sindiliiwala.

Chithunzi choyamba chinandiwawa. Tsamba la chinkhoswe linali kutali, kupitirira nambala 40. La mayunifolomu ndi la kaunjika anali chapakati, nawonso kosaoneka. La diresi loyamwitsira, limene sindinalitsegulepo chiikireni, linali pa 26, ndipo ndi lokhalo limene anthu awiri kapena atatu anali atalitsegula.

Mwezi wotsatira mwana anatsegula m'mimba mano akumera, ndipo sikelo inatsika pang'ono. Ndinada nkhawa. Mlangizi wa zaumoyo, mayi wodekha amene amatidziwa tonse ndi nkhope, anatsegula kabuku ka sikelo n'kundilozera. Anati ndisayang'ane kadontho ka lero kokha, ndiyang'ane kumene mzere wonse ukulowera kuchokera pamene mwana anabadwa. Iye ankanena za mwana. Ine ndinamva zonse ziwiri.

Nditafika kunyumba ndinatenga katoni yokulungirapo nsalu, ndinajambula mizere ndi rula yanga yodulira, ngati ya m'kabuku kaja. Miyezi ndinailemba m'munsi. Nambala ndinazilemba m'mbali, wani pamwamba, kuti tsamba likamachita bwino mzere uzikwera ngati wa mwana. Tsamba lililonse ndinalipatsa ulusi wa mtundu wake, ndikumabaya katoni ndi singano mwezi uliwonse n'kukoka ulusi kufika pa bowo latsopano. Chinkhoswe wofiira, yunifolomu wabuluu, kaunjika wakuda, diresi loyamwitsira wobiriwira. Ndinaipachika pakhoma pamwamba pa makina.

Komabe chithunzi cha mlamu wanga chokha sichinkandikwanira. Foni inali itandinamizapo kamodzi, ndinkafuna kuona ndi maso anga pa mafoni a anthu amene sakundidziwa. Ndiye kusikelo ndinayamba kupempha amayi atatu kapena anayi kuti asake. Sindinkabwereza foni imodzi miyezi iwiri yotsatizana, kuopa kuti nayonso ingayambe kundikonda.

"Afika amayi a intaneti, bisani mabandulo!" ankakuwa choncho mayi wa amapasa uja ndikangotulukira pa geti.

"Inu yanu ndinathana nayo, yayamba kundidziwa."

"Ngakhale foni yanga mwaikana? Koma utelala wa masiku ano!"

Sindinkawadyera bandulo ulere. Wina ndinkamuikira zipi ya siketi, wina kumusokera lamba wa chikwama cha matewera. Ndipo pamene ankasaka ankalankhula, ine n'kumamvera. Akafika pa diresi loyamwitsira mafunso ankachuluka. Zipiyo siyikanda mwana kumaso? Munthu ungavale ku tchalitchi osaoneka kuti ndi yoyamwitsira? Mwana akasiya bere ndiye kuti diresi latha ntchito? Nanga kwanuko munthu amatsikira pati? Pa tsamba langa panalibe yankho ngakhale limodzi. Panali chithunzi changa nditaima pa khomo, mutu wosapesa, ndi mizere iwiri ya mawu.

Patatha miyezi itatu katoni inayamba kulankhula. Ulusi wofiira unagona pansi ngati chingwe choyanikira zovala. Wabuluu unadumpha sukulu zitatsala pang'ono kutsegulidwa, kenako unabwerera. Wakuda unkangoyendayenda pomwepo. Wobiriwira unkakwera, osathamanga, koma mwezi uliwonse bowo latsopano linali pamwamba pa lakale: 26, 19, 14, 11. Mlamu wanga anati chifukwa chake n'chosavuta. Atelala a chinkhoswe mu Blantyre ndi ambirimbiri, ena ali ndi mashopu a magalasi m'tauni ndi zithunzi zojambulidwa ndi akatswiri. Koma wolemba za diresi loyamwitsira kuno kwathu, sanamupeze wina.

Ndinakhala masiku angapo ndisanavomere. Zimawawa kuona kuti chimene umachinyadira anthu sakuchiona, pamene chimene unangosoka kuti ubise mimba m'minibasi ndi chimene akuchifuna. Ndinaganizapo zongolimbikira pa chinkhoswe, mwina chaka chimodzi, mwina ziwiri, tsiku lina lidzakwera. Koma mwana anali atayamba kukwawa, ndipo ankakwawa mwaliwiro. Ndinalibe chaka.

Ndinasoka madiresi ena atatu ndi nsalu zotsala, limodzi la chitenje, limodzi loti munthu n'kuvala ku ofesi, limodzi loyera la ku tchalitchi. Mayi wa amapasa anavomera kuvala kuti ndimujambule, atandilumbiritsa kuti nkhope isaoneke, "amuna anga angaganize kuti ndayamba za mafilimu." Ndinalemba mayankho a mafunso onse aja pa pepala, m'mawu omwewo amene amayi ankafunsira, ndi njira yofikira kwathu kuchokera pa siteji ya minibasi. Loweruka ndinakwera minibasi kupita m'tauni, mwana kumsana, kukapereka kwa mlamu wanga. Anaika zonse pa tsamba lobiriwira.

Sikelo yotsatira chithunzi chinabwera ndili pa benchi. Tsamba linali litatsika, kuchoka pa 11 pamene linali litafika, kubwerera pa 17.

Sabata yomweyo mwana anagwira mwendo wa makina n'kuimirira. Bambo ake anaomba m'manja, nanenso ndinaomba, koma maganizo anga anali ku Chikwawa. Patapita masiku awiri anabwera ndi kachikwama ka pinki ka pa kaunjika, kokhala ndi matayala, kongokwana zovala za mwana. Sananene kuti ndi ka chiyani. Anangokaika pamwamba pa kabati.

Ndinaimbira mlamu wanga kuti achotse zonse zimene tinaika, tsamba libwerere mmene linalili.

"Alamu, musaligwire. Nthawi zina ukasintha zambiri limayamba lagwedezeka kaye."

"Nanga likapanda kubwerera?"

"Sindingalonjeze. Koma mukalisinthanso lero, mwezi wamawa simudzadziwa chimene chalikweza kapena chaligwetsa."

Ndinabaya bowo la 17 pa katoni, ulusi wobiriwira unapindikira pansi. Ndinauyang'ana nthawi yaitali. Kadontho kamodzi. Kuchokera pa 26 mzere wonse unali ukadali wokwera. Ndinaika foni m'kabati, ndipo mwezi umenewo sindinasake ngakhale kamodzi. Sindinganame kuti ndinali ndi mtendere. Ndinkasoka mayunifolomu a ana a eni nyumba, maso ali pa kachikwama ka pinki. Pali kudikira kumene munthu umachita chifukwa uli ndi chikhulupiriro, ndipo pali kumene umachita chifukwa palibe china choti uchite. Kwanga kunali kwachiwiriko.

Foni inalira sikelo ina isanakwane. Anali mayi wa ku Chirimba, wogwira ntchito mu ofesi, tchuthi chake cha uchembere chikutha. Ankafuna madiresi awiri.

"Pepani mayi, ndifunse nawo. Munandipeza bwanji?"

"Ndinangosaka pa foni, munabwera."

"Ndinali pa nambala yanji?"

Anaseka. "Amayi, ndani amawerenga zimenezo? Munali pafupi, sindinatsitse kwambiri."

Tsiku la sikelo chithunzi chinati 8. Pa mafoni atatu a pa benchi tsamba linabwera munthu asanatope kutsitsa. Mayi wa amapasa anaimirira n'kulengeza kwa anthu onse kuti msana umene uli pa chithunzicho ndi wake, ndipo ndi umene wakweza tsambalo. Mayi wa ku Chirimba uja anauza anzake awiri a ku ofesi. Kenako anaimba wina wa ku Bangwe, wina wa ku Ndirande amene ankafuna la mphatso ya mng'ono wake. Aliyense ndinkamufunsa funso lomwelo, wandipeza kudzera tsamba liti, ndipo ndinkamanga kamfundo pa ulusi wa tsambalo. Mfundo zonse zinali pa wobiriwira, kupatula imodzi pa wakuda. Mwezi wotsatira tinafika pa 5.

Mwana anayenda Loweruka masana. Ine ndinali pa makina, bambo ake atakhala pa mpando pakhomo akupukuta nsapato. Mwana anasiya mwendo wa makina, anaponda katatu, n'kugwera pa mawondo a bambo ake. Tinasangalala, tinamunyamula, tinaitana eni nyumba kuti adzaone. Anthu atabalalika ndinadikira kuti bambo a mwana atchule za Chikwawa. Pa tebulo panali nsalu za anthu asanu zodikira kudulidwa, ndipo ndinaona kuti anaziyang'ana, kenako anayang'ana katoni ya pakhoma. Katoniyo anali asanaifunsepo chiipachikireni.

Lolemba anabwera kuchokera kuntchito dzuwa lisanalowe, anakhala pansi, n'kuyamba kuvula nsapato pang'onopang'ono.

"Anzanga andiseka lero," anatero.

"Chifukwa?"

"Ndimabwereka mafoni awo kusaka madiresi oyamwitsira. Adalaivala a kusitolo kwathu akuti kodi achimwene, mwayamba kuyamwitsa ndinu?"

Ndinasiya kupalasa makina. "Bwanji simunasake pa yanu?"

"Yanga imakudziwani. Si mmene munkanenera?" Anayang'ana pansi, monga amachitira. "Ndayesa anayi. Ya adalaivala, ya mayi wa pa kauntala, ndi a makasitomala awiri, wina wa ku Mulanje. Kwina mumabwera wachitatu, kwina wachisanu. Palibe imene munasowa."

Sindinadziwe kuti ankamvetsera zonse zija ndinkalankhula ndekha pa makina.

"Mawa mukawauze anzanu a pa khonde apereke malo kwa wina," anatero. "Amayi ndiwaimbira ndekha. Adandaula, anali atakonza kale pogona mwana."

Apongozi anadandauladi, ndipo tinapita kukawaona pa Khirisimasi, tonse atatu, n'kubwerako tonse atatu. Kachikwama ka pinki ndimanyamuliramo madiresi ndikamakapereka m'tauni.

Mwana tsopano amathamanga, ndipo kusikelo sakhalanso pa benchi. Katoni yoyamba inadzaza, ndili pa yachiwiri. Ulusi wobiriwira sunafikepo pa wani. Miyezi ina umatsika, ndipo pabwera atelala ena awiri amene ayamba kusoka madiresi ngati anga, mmodzi ali pamwamba panga. Ndikudziwa kuti nambala imeneyi sindinagule, ikhoza kuchoka. N'chifukwa chake sindisiya kuyeza.

Ulusi wofiira ukadali pansi pomwe paja. Mlamu wanga wandifunsapo kawiri ngati tingolichotsa tsamba la chinkhoswe, ndakana. Mwezi uliwonse ndimabaya bowo lake monga ena onse. Ndipo nthawi zina, ntchito ikachepa masana, ndimatenga foni yanga n'kulemba mawu aja. Limabwera pamwamba, nambala wani. Ndimaliyang'ana pang'ono, n'kubwerera kukaika zipi.